FUNSANI AZAKHALI: Zokajambulitsa ku Venice, alamu ya 4 koloko ndi nkhani ya dipoziti

Moni nonse abale anga, a kumudzi ndi a kunja komwe. Mwezi uno kaya munapangana kaya ndi Instagram yakuzunguzani mitu, koma makalata anayi ochokera kwa anthu osadziwana onse akufunsa za kukajambulitsa ku Venice, mzinda wa pamadzi uja wa ku Italy. Nde tingothana nazo lero. Makalata ndawadulako, enanu mumalemba ngati mukuyankha mayeso a MSCE.

FUNSO: Azakhali, ine ndine namwino kuno ku Leeds. Mu June tikukwanitsa zaka 10 tili pabanja ndiye tasunga kandalama kuti tikapume ku Venice masiku atatu, ana tiwasiya kwa achemwali anga. Chimene ndikufuna ine ndi zithunzi zenizeni chifukwa pa ukwati wathu ku Zomba wojambula anatikhumudwitsa, zambiri zinatuluka zakuda bii moti pakhoma tinapachika chimodzi chokha. Ndapeza ojambula awiri pa intaneti, wina akuti 180 euro zithunzi 100, wina akuti 380 euro ola limodzi ndi theka zithunzi 40 zokha koma akuti tikumane 5:45 m'mawa, m'mawa azakhali, munthu ndili pa tchuthi! Abambo a kunyumba akuti zonsezo nkuononga ndalama, foni yawo ili ndi kamera yabwino tizingopempha anthu odutsa. Nde ndipange bwanji? Ndasoketsanso diresi ya chitenje ndi shati yawo yofanana, kodi sitikaoneka achimidzi? Nanga gondola, bwato lopalasa lija, amalipira ndani?
Namwino wotopa, Leeds

YANKHO: Mwana wanga, choyamba zabwino zonse, zaka 10 pabanja si zamasewera. Yankho ndikupatsiranitu pompano, tengani wa 5:45 uja. Sikuti chodula chimakhala chabwino nthawi zonse ayi, koma 5:45 yomwe ikukunyansaniyo ndi imene ikundiuza kuti munthuyo mzinda uja amaudziwa.

Venice ndi kamalo kakang'ono zedi. Anamanga pa tizilumba toposa 100 tolumikizidwa ndi milatho yoposa 400, galimoto zimathera pa Piazzale Roma, kupitirira apo ndi phazi kapena boti basi. Eni mzinda okhala mkatimo anachepa mpaka kutsika pansi pa 50,000 mu 2022 pomwe alendo amakhamukirako mamiliyoni chaka chilichonse ndipo onsewo, onse, amafuna kuima malo awiri omwewo, pa bwalo la San Marco ndi pa mlatho wa Rialto. Ikamati 10 koloko m'mawa pa Rialto pamakhala ngati mumsika wa Limbe pa 24 December, mukati mumwetulire wina wakugundani ndi chikwama, kumbuyo kwanu kuli bambo wa kabudula akunyambita ayisikilimu ndipo bambo ameneyo mudzakhala naye pakhoma la pabalaza mpaka zidzukulu zidzamufunse dzina. Zithunzi mumaziona zija mkazi ali yekhayekha pakati pa San Marco diresi ikuuluka, chinsinsi chake ndi alamu, ya pa foni osati alamu anu. Mu June dzuwa kumeneko limatuluka cha m'ma 5:20, kuyambira pamenepo mpaka cha m'ma 7:30 mzinda umakhala wa osesa, otsitsa katundu m'maboti, akwati awiri atatu ndi inuyo. Inu mumadzukira shifiti mu January kunja kuli mdima ndi chisanu, tsiku limodzi lodzukira kutchena likuvuteni?

Palinso nkhani ya khungu lathu imene ojambula ambiri a ku Ulaya sangakuuzeni chifukwa ena saiganizira nkomwe. Dzuwa la masana likamamenya kuchokera pamwamba chipumi chimanyezimira ngati tadzola mafuta ophikira, m'maso muli mdima, ndiye kumbuyo kuli makoma oyera a miyala ndi madzi akuthwanima, kamera imayeza kuwala kwa kumbuyoko nkutisiya ife tili bii, zomwe zija zinakuonekerani ku Zomba. Kuwala kwa m'mawa ndi kofewa, kumabwera cham'mbali, khungu lakuda limatuluka see. Koma kuwala pakokha sikukwanira. Ojambula ambiri ali ndi fyuluta yawo imodzi imene amaika pa zithunzi zonse, yoyererako ija, pa mzungu imakongola koma ife imatisandutsa otuwa ngati tagona paphulusa, kapena kutiyeretsa mpaka apongozi kufunsa kuti mkazi ali ndi mwana wanga uyu ndi ndani. Nde musanalipire kalikonse mulembereni mosapsatira kuti ife ndi anthu akuda, tionetseni alubamu yathunthu ya banja lakuda limene munalijambulapo. Yathunthu, osati zitatu zosankha za pa Instagram, paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limeneli, amatumiza linki basi. Akayamba kuzungulirazungulira ndiye kuti mwapulumuka.

Mitengo mwapatsidwayo si yachilendo, nthawi ya inu nokha ya ola limodzi kapena awiri ku Venice kawirikawiri imagwera pakati pa 200 ndi 500 euro kutengera dzina la munthu. Musakopeke ndi kuchuluka kwa zithunzi. Zithunzi 100 pa mtengo wotsika chonchi kawirikawiri zimatanthauza kuti angokhuthula zonse za mu kamera osaedita, zotsinzina ndi zoyasamula zomwe, pomwe inu pakhoma mudzapachika ziwiri kapena zitatu. Ngati mtima ukadali kwa wotchipayo mufunseni ngati nthawiyo ndi yanu nokha kapena mukhala kagulu ndi mabanja ena kumadikirana, komanso ngati adzabwere ndi iye mwini kapena atumiza wina. Pa mawebusaiti ngati GetYourGuide, Viator ndi Airbnb pamapezeka ojambula odziimira okha komanso makampani okhala ndi ojambula angapo, nde funsani dzina la amene adzagwire kamera ndipo muone ntchito ya iyeyo. Pa Flytographer kapena Localgrapher mumasankha munthuyo poona zithunzi zake, kungoti pali wapakati ndiye naye amadyapo.

Zonse mukagwirizana zikhale pa imelo, za pakamwa ayi. Tsiku, ola, malo enieni okumanirana, osangoti San Marco chifukwa bwalolo ndi lalikulu, anene kuti pa zipilala ziwiri zazitali za kumadzi zija kapena pansi pa nsanja ya belu. Zithunzi zoedita zingati, zifika pakatha masiku angati, zazikulu zoti nkusindikiza kapena tating'ono ta pa WhatsApp, kukagwa mvula muzitani, iyeyo akadwala dipoziti ibwera kapena ayi. Ma RAW, mafayilo osaedita ochokera mu kamera, ambiri sapereka, si chipongwe, ndi mmene ntchito yawo imayendera. Dziwaninso kuti mwalamulo mwini zithunzi amakhalabe wojambula ndipo ambiri amafuna kuziika pa peji yawo, nde ngati kumudzi munawauza kuti chaka chino ndalama palibe, muuzenitu asakuikeni kkkk. Dipoziti perekani gawo chabe, yotsala mudzamalize tsiku lojambulalo, ndipo poti muli ku UK lipirani ndi kirediti kadi ngati nkotheka, lamulo lija la Section 75 limakutetezani pa chinthu cha mtengo woposa 100 pounds ngati wogulitsa sanachite zomwe munagwirizana.

Abambo a kunyumbawo muwapatse moni. Foni yawo ndi yabwino sindikukana, koma foni siidziwa kuti kuseri kwa kanjira aka kuli kamlatho kopanda anthu, ndipo munthu wodutsa amene mwamupempha akuthamangira sitima, amakudulani mapazi nkusiya thambo theka la chithunzi. Chimene mukulipira ndi munthu wodziwa malo ndi nthawi amenenso angawauze abambowo kuti manja aike pati, chifukwa amuna athu akaona kamera amaima ngati akujambulitsa chiphaso cha unzika. Zaka 10 mwawapirira, ola limodzi ndi theka lomwetulira sangafe nalo.

Gondola mumalipira ndinu, pokhapokha wojambula atalemba kuti ili mumtengo wake. Mtengo anaukhazikitsa ndi a khonsolo ya mzinda, kuyambira kumapeto kwa 2023 ndi 90 euro mphindi 30 masana, ikapitirira 7 koloko madzulo 110 euro, ndipo umenewo ndi wa bwato lonse osati munthu mmodzi. Limanyamula anthu osaposa 5, wojambula akakwera naye amawerengedwa. Nyamulani kashi. Vuto ndi lakuti opalasa aja 6 koloko m'mawa amakhala asanayambe ntchito, ma gondola amakhala atamangidwa m'mbali atawafunditsa malona a buluu, zomwenso zimakongola kwabasi mukaima pamenepo kutsidya kukuoneka tchalitchi cha San Giorgio Maggiore. Nde ngati mukufuna chithunzi muli m'bwato kambiranani, kapena muyambe mochedwerako kuti mudzathere pa gondola yoyamba, kapena gondola mudzakwere nokha madzulo, apo ndiye foni ya abambo ija igwire ntchito asamve kuti tainyoza.

Kumene mugone nkofunika. Ambiri amagona ku Mestre kumtunda chifukwa mahotela ndi otchipirako ndipo sitima imangotenga mphindi 10 kapena 12 kufika pa siteshoni ya mumzinda ya Santa Lucia, koma kuchoka pa Santa Lucia kukafika ku San Marco ndi mphindi 30 kapena 40 wapansi, kukwera ndi kutsika masitepe a milatho, mumdima, mutatchena. Usiku woti mawa mukujambulitsa yesetsani kugona mkati mwa mzinda. Ndipo kujambulitsako kukhale m'mawa wa tsiku lachiwiri, loyamba mumakhala otopa maso ali psuu, lachitatu likhale lopulumukira kukagwa mvula. Pali kamsonkho kolowera mumzinda kamene anayambitsa pa 25 April 2024 kwa alendo ongobwera tsiku limodzi pa masiku ena osankhidwa, ogona m'mahotela a mu khonsolo ya Venice, Mestre yomwe, salipira koma afunseni a hotela za QR code yosonyeza kuti ndinu ogona.

Chitenje valani, ndipo mawu akuti achimidziwo ndisawamvenso. Makoma a Venice ndi a njerwa zakale zofwifwa, pulasitala wosupuka, madzi obiriwira, nde chitenje chowala chimatumphuka pamenepo kuposa madiresi otuwa amene aliyense amavala. Kumene chitenje chingalimbane ndi malo ndi ku Burano, kachilumba ka nyumba zopaka utoto wofiira wachikasu wabuluu kamene mumapita pa boti nambala 12 kuchokera pa Fondamente Nove pafupifupi mphindi 45, kumeneko ndiye bola nsalu ya mtundu umodzi. Gogoda ikhale m'chikwama, muziyenda ndi fulati nkumasintha pojambula pokha. Paudala ndi faundeshoni nyamulani zanu za ku Leeds, musadalire kuti wopanga mekapu wa kumeneko akhala ndi mtundu wa khungu lanu. Ngati ndi wigi ya guluu kumbukirani kuti mpweya wa kumeneko ndi wachinyontho.

Chomaliza, ngati mapasipoti anu akadali a Malawi, chilolezo chokhalira ku UK sichikulowetsani ku Italy, mukufunika viza ya Schengen, 90 euro munthu mmodzi, komanso mukufunika inshuwalansi ya paulendo yotha kukulipirirani ndalama zosachepera 30,000 euro. Mutha kufunsira kutatsala miyezi 6, nde yambani pano chifukwa chilimwe chawo chikamayandikira malo a apointimenti amavuta. Dipoziti yosabweza musapereke viza isanatuluke.

FUNSO: Azakhali ndine mnyamata wa zaka 29 ndili ku Dublin, ndikufuna kumufunsira bebi wanga ukwati pa gondola pansi pa Bridge of Sighs dzuwa likulowa, wojambula abisale asaonekere kuti ikhale sapulaizi. Zingatheke? Iyeyo sakudziwa chilichonse akungodziwa kuti tikupita kokayenda mu September.
Wachikondi, Dublin

YANKHO: Iwe mwana iwe, ndisanayankhe, amalume ako akudziwa? Chifukwa gondola siilowa m'malo mwa ankhoswe, ukaika zithunzi pa Facebook akuluakulu asanamve udzandikumbuka. Chabwino, tibwere ku funso lako.

Zingatheke koma malo wasankhawo ine sindikugwirizana nawo. Mlatho umenewo, eni ake amati Ponte dei Sospiri, anaumanga cha m'ma 1600 kulumikiza nyumba ya mfumu ya mzinda, Palazzo Ducale, ndi ndende. Odutsapo anali akaidi, kuusa moyo kwake kunali kwa munthu wopita kukatsekeredwa, kaya ndi uthenga umene ukufuna kumupatsa mwana wa eni ake. Kupatula apo madzulo pansi pake pamakhala mzere wa ma gondola ngati maminibasi pa siteji, ndipo pa mlatho woyang'anizana nawo, Ponte della Paglia, pamene wojambula wako akuyenera kuima, pamakhala khamu aliyense foni m'mwamba. Iwe ukugwada bwato likuyenda, wopalasa sangaime chifukwa kumbuyo kuli anzake, wojambula ali ndi masekondi ochepa ndipo mwina chimene adzagwire ndi nkhongo yako.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, iwala zobisala, muuze bebi kuti wabuka wojambula wa zithunzi za tchuthi chabe. Akatero atchena, akonza tsitsi ndi zikhadabo, ndipo ukhulupirire ine palibe mtsikana amene amafuna kuvekedwa mphete zikhadabo zili zosupuka chithunzi nkuzungulira magulu onse a WhatsApp. Wojambula akwere nanu m'bwato, mugwirizane chizindikiro, mwina akanena kuti tsopano yang'anani uko ndiye nthawi yako, ndipo apemphe wopalasa kuti alowe m'tingalande tating'ono ta phee osati mu ngalande yaikulu ya Grand Canal momwe maboti a injini amagwedeza madzi. Yachiwiri, ngati ukufunadi wobisala, funsira pamtunda. Ku Punta della Dogana, kansonga kaja ka pafupi ndi tchalitchi cha Santa Maria della Salute, kapena pa bwalo la kutsogolo kwa San Giorgio Maggiore, kumbuyo kwanu kumaoneka San Marco yense ndipo wojambula ndi lenzi yake yaitali amangooneka ngati mlendo wina aliyense. Mutumizirane zithunzi za nkhope ndi zovala, akutumizire pini ya malo enieni oti uime ndi mbali yoti uyang'ane, ndipo ufike nthawi yake, za nthawi ya kwathu zija usiye pa eyapoti ya Dublin. Italy ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Ireland, mu September nthawi yawo imafanana ndi ya ku Malawi.

M'bwato usadzuke mwadzidzidzi, gondola ndi yaitali pafupifupi mamita 11 koma yopapatiza ndipo imapendama. Mphete ikhale m'kabokosi mpaka bondo litafika pansi, ikagwera mu ngalande ija yapita, ndipo kudumphiramo ndi mlandu wa faindi. Onanso masiku, Lamulungu loyamba la September kumakhala mpikisano wa mabwato wa Regata Storica mu Grand Canal, masiku omwewonso ku chilumba cha Lido kumakhala chikondwerero cha mafilimu, mahotela amadula ndipo ojambula abwino amakhala atabukidwa kale. Ireland siili mu Schengen, nde nkhani ya viza ndawauza anamwino pamwambapa ikukukhudzani nonse awiri ngati mapasipoti anu ndi a Malawi.

FUNSO: Zakhali thandizeni. Ndinalipira dipoziti ya 150 euro kwa wojambula amene ndinamupeza pa Instagram, anati nditumize pa PayPal ngati kwa mnzanga kuti tipewe ma chaji. Ulendo ndi wa mu November, tsopano mnzanga wa kuntchito akuti nthawi imeneyo Venice imakhala itamira, ndamulembera wojambulayo kuti tisinthe kapena andibwezere papita masabata awiri ali zii. Ndaberedwa?
Mayi wa nkhawa, Cape Town

YANKHO: Pepani mayi. Apa pali nkhani ziwiri ndipo ya madzi ndi yaing'ono.

Venice siimira mwezi wathunthu ngati mmene amachitira madzi osefukira ku Nsanje. Chimene mnzanuyo wamva ndi acqua alta, madzi a m'nyanja amakwera mafunde aakulu akakumana ndi mphepo yochokera kum'mwera yotchedwa scirocco imene imakankhira nyanja ya Adriatic kumzindako, zimachitika kwambiri kuyambira October mpaka January. Amakwera maola ochepa nkutsikanso. Oopsa anachitikadi, pa 4 November 1966 anafika masentimita 194 ndipo pa 12 November 2019 anafika 187, koma kuyambira October 2020 ali ndi zitseko za m'madzi zotchedwa MOSE, zilipo 78 pa makomo atatu olowera nyanja, zimene amazidzutsa akaona kuti madzi akwera kwambiri. Bwalo la San Marco ndi lotsika kuposa malo ena onse nde limanyowabe ngakhale madzi atakwera pang'ono, amaika timilatho ta matabwa toyendapo, ndipo ojambula ena amachita kusangalala chifukwa tchalitchi chimaonekera m'madzimo ngati pagalasi. Kungoti musavule nsapato nkumaponda, madzi amenewo si a pa mpopi, valani majombo. Pali apu yotchedwa hi!tide Venice yoonetsa mmene madzi akwerere. November alinso ndi ubwino wake, anthu amachepa, dzuwa limatuluka cha m'ma 7 koloko nde simudzuka usiku, nthawi zina kumachita chifunga chokongola zedi. Koma kumazizira ndipo 5 koloko madzulo kumakhala kutada, nyamulani jasi yooneka bwino chifukwa idzatuluka m'zithunzi.

Nkhani yaikulu ndi ya ndalamayo. Mukatumiza pa PayPal ngati kwa mnzanu kapena wachibale chitetezo cha ogula sichigwira, ndi chifukwa chake wochita bizinesi yolongosoka sapempha zimenezo. Sindikunena kuti waba, ojambula ena ndi aulesi chabe poyankha makamaka nyengo yotanganidwa, koma masabata awiri ndi ambiri. Onani ngati akuikabe zithunzi zatsopano, lemberani anthu awiri atatu amene anawataga m'zithunzi zake muwafunse ngati anajambulidwadi ndi iyeyo, safunsa anadya phula. Mutumizireni imelo imodzi yaulemu yokhala ndi tsiku lomaliza loti ayankhe, sungani ma sikirinishoti onse, ndipo ngati ndalamayo inachoka pa kadi kafunseni ku banki yanu ngati angathe kuitsata, osayembekezera zambiri. Akapanda kuyankha pofika tsikulo muchiteni lipoti pa Instagram ndi pa PayPal nkupeza wina, ndipo yotsalayo musatumize ngakhale atabwera ndi nkhani yomvetsa chisoni bwanji. Ulendo wokha musasinthe.

FUNSO: Azakhali ife ndi amayi 8 a mpingo tikupita ku Rome ku ulendo wa mapemphero ndiye tili ndi tsiku limodzi lomasuka tikufuna tikaone Venice tikajambulitse titavala yunifomu yathu, tikufunanso chithunzi tikudyetsa nkhunda ngati timaonera pa TV. Tisonkherana. Mwana wa mmodzi wa ife akuti atibwereka drone.
Amayi a ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Amayi anga, drone isiyeni ku Area 25, kuiulutsa ku Venice popanda chilolezo ndi mlandu ndipo apolisi a kumeneko saseka nazo. Nkhunda nazonso ayi, analetsa kuzidyetsa kuyambira 2008 chifukwa zimaononga miyala ya nyumba zakale, mukagwidwa ndi faindi. Zimabwera zokha, wojambula adziwa pokuimikani.

Sitima yothamanga kuchoka ku Rome imatenga pafupifupi maola 4, nde za m'mbandakucha ndawauza anzanuzi inu sizikukhudzani, mufika dzuwa lili paliwombo anthu ali yakaliyakali. Bukani wojambula cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana ndipo mumuuze kuti ndinu 8 chifukwa ena amawonjezera mtengo gulu likakula. Chithunzi chimodzi cha umboni pa San Marco chikwane, zinazo akutengereni kumadera a Dorsoduro kapena Cannaregio komwe kuli bata, pa mlatho wa matabwa wa Accademia mumaoneka Grand Canal ndi tchalitchi cha Salute kumbuyo, amayi 8 mu yunifomu pamenepo ndiye zakupsa. Gondola imodzi simukwana, afunika awiri, 180 euro. Ngati thumba lakana pali traghetto, gondola yaikulu yongoolotsa anthu kutsidya la Grand Canal pa 2 euro munthu mmodzi, ndi mphindi ziwiri zokha koma wojambula akaima pagombe chithunzi chimatuluka ndipo ku Lilongwe palibe adzafunse kuti munakhalamo nthawi yaitali bwanji. Boti la basi lija amati vaporetto ndi 9.50 euro tikiti ya mphindi 75, ya tsiku lonse 25 euro, werengerani kuti mukwera kangati.

Poti simugona, kamsonkho kolowera kaja inu kakukukhudzani ngati tsiku lanu lili pa mndandanda wawo. Mu 2025 anali masiku 54 pakati pa April ndi July, kuyambira 8:30 m'mawa mpaka 4 koloko masana, 5 euro olipiriratu ndi 10 euro olipira mochedwa, nde mmodzi wodziwa foni aone pa webusaiti ya khonsolo ya Venice musananyamuke. Ndipo ndikukudziwani amayi a kwathu simuyenda opanda kamba. Nkhuku yokazinga ndi mandasi zanuzo musakayale chitenje pa San Marco kapena pa masitepe a mlatho nkukhala pansi kumadya, ndi zoletsedwa, mu 2019 alendo awiri a ku Germany anawalipitsa 950 euro chifukwa chofulula khofi pa kachitofu m'munsi mwa Rialto nkuwauza atuluke mumzinda. Idyani musitima, ndipo tikiti yobwerera ku Rome muguliretu, mayi mmodzi asankhidwe wosunga nthawi chifukwa kuchoka ku San Marco kubwerera pa Santa Lucia ndi amayi 8 aliyense akufuna kugula kachikumbutso mufunika ola lathunthu.